Miyala Yopanda Mayina

Verlyn Hovland ndinaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo ngakhale pa ubwana anali munthu wosafunsa. Aphunzitsi asanamalize kunena zochita, iye wayamba kale kulemba, lilime lili panja. Atakula anapita ku Minneapolis kukagulitsa inshuwalansi, ndipo atapuma pa ntchito anabwerera kuno ndi imvi, chigalimoto chachikulu ndi makina otchetchera udzu, aja okwerapo ngati kathirakitala. Makina amenewo ndi amene anamupatsa utcheyamani wa bungwe lathu losamala manda, musamve zina. Ife misana inali itatha ndi timakina tokankha, ndiye tonse tinakweza manja, ena n'kumati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kuthwa kwake tinakuona chaka chomwecho.

Manda a pa Rustad ali pakati pa minda ya chimanga, ndipo tchalitchi chake chinagwetsedwa ine ndisanakwatiwe. Mwagona makolo amene anachoka ku Norway n'kudzayamba kuswa mphanje kuno. Bungwe tinaliyambitsa ife zidzukulu zawo, titaona kuti pulawo ya mlimi wa pafupi ikudya malire chaka ndi chaka, ndipo ng'ombe zikukanda misana pa ziliza za agogo athu. Tinamanga mpanda wa waya, tinadzutsa ziliza zakugwa, tinakangana ndi aboma mpaka anatilambulira kamsewu kolowera. Ine ndinali m'gulu la oyamba, ndipo sindichita manyazi kunena kuti wapakamwa kuposa onse ndinali ine.

Kumbali ya kumpoto, motsata mpanda, kunalibe chiliza ndi chimodzi chomwe. Kunali miyala chabe, miyala wamba ya m'munda, yomira theka mu udzu. Kumeneko n'kumene kale ankaika anthu amene sankawaimbira nyimbo: aganyu opanda abale, apaulendo, makamaka ana amene anafa asanabatizidwe. Bambo wa mwanayo ankakumba yekha, n'kutenga mwala m'munda mwake, n'kuuika pamwamba. Osalemba dzina, osalemba m'buku la mpingo, basi kubwerera kunyumba kukakama ng'ombe.

Umodzi wa miyala imeneyo, wofiirira, wa mzere woyera pakati, unali wa mkulu wanga Signe. Anabadwa atafa kale, m'nyengo yachisanu, msewu utatsekeka ndi chipale chofewa. Bambo anga anasonkha moto pansi tsiku lonse kuti nthaka ifewe, namuika m'kabokosi ka maapozi, Amayi ali chigonere, osaloledwa ngakhale kumuona nkhope. Dzina la Signe anamupatsa okha Amayi, chamumtima. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse kumapeto kwa Meyi, pa tsiku lokongoletsa manda, ankaika botolo la maluwa a pakhomo pa mwala umenewo. Bambo atamwalira anaikidwa m'tauni pamodzi ndi asilikali anzawo, koma Amayi ananeneratu pamaso pa aliyense: "Mwamuna wanga Orval ndagona naye zaka zambiri, zamukwana. Ine mudzandiike pambali pa mwana wanga, sindinamunyamulepo." Ine ndinalonjeza, ndipo bungwe linavomera.

Chaka chimene ndikunenachi Amayi anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi. Chisanu chitangotha anagwa m'bafa nathyoka fupa la m'chiuno, ndiye ine ndinasamukira ku chipatala ku Sioux Falls, kenako ku nyumba yosamalira okalamba kumene anawatumiza. Masiku onse a ntchito ya kumanda anandipita. Ndikaimbira foni Lorraine, mlembi wa bungwe, yemwenso ndi mnzanga wa ponda apa m'pondepo, ankangoti, "Aaa, zikuyenda, Marlys. Verlyn akulimbikira kwabasi. Udzaona wekha." Mawu ake ankamveka osamasuka, koma ine mutu wonse unali pa Amayi.

Tsiku lokongoletsa manda ndinathyola maluwa pakhomo pa Amayi, n'kuwaika m'botolo, ulendo wa ku Rustad. Ndinapeza magalimoto ali ndandanda m'mbali mwa msewu, matebulo atayalidwa, khofi akununkhira, hamu ndi makeke zili mbwee. Pamene panali kageti kathu ka waya panali chipata chatsopano: zipilala ziwiri za miyala zomanga ndi simenti, zofika m'phewa, pamwamba pake chitsulo chopindika cholembedwa dzina la manda. Ndinati, ha, koma Verlyn! Ndinadutsa osayang'anitsitsa, moni uku moni uko, n'kulunjika kumpoto.

Ndinangoima njo. Kumpanda wa kumpoto kunali kapinga, wobiriwira biriwiri, wosalala ngati wa pabwalo la gofu. Tchire la timitengo ta zipatso za mapulamu limene linali pamenepo analidula n'kuzula ndi zitsa zomwe. Mwala panalibe ngakhale umodzi. Ndinayenda mpaka pakona, ndinabwerera, ndikupalasa ndi nsapato kuti mwina ndimva pamene panali dzenje. Ayi ndithu. Anali atakwirira bwinobwino, kuthira dothi latsopano, kufesa udzu, ndipo udzuwo unali utagwirana kale.

"Wapaona bwanji, Marlys?" Anali Verlyn kumbuyo kwanga, kapu ya khofi m'manja, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Panopa ndimangodutsa kamodzi, fyuu, ndamaliza. Kale mpeni wa makina unkabunthira pamenepa sabata iliyonse."

"Miyala ili kuti?"

"Si imene wadutsa pachipatayo? Sitinataye ngakhale umodzi. Ndinati m'malo mokaiunjika pakona, bwanji tikumbukire nayo makolo athu."

Kalanga ine! Botolo lija kaya ndinaliika pansi kaya linagwa lokha, sindikudziwa. Chimene ndikukumbuka n'chakuti mawu anatuluka ndisanawakonze.

"Iwe Verlyn, wazula anthu!"

"Anthu atinso? Ija inali miyala ya m'munda, yopanda ndi chilembo chomwe."

"Mwala wa m'munda umafuna chiyani m'manda, chitsiru iwe? Uli ndi miyendo? Inayenda yokha kudzandanda m'mbali mwa mpanda? Mkulu wanga ali pansi apa! Ana a anthu ali pansi apa, mutu ndi mutu, ndiye iwe ukuti umadutsapo fyuu!"

Nkhope yake inatuwa mbuu, khofi n'kutayikira pa nsapato. Kuno sitinazolowere kukweza mawu. Munthu akakwiya amangoti "chabwino," n'kukadandaulira mkazi wake m'galimoto. Ndiye anthu onse kumatebulo anatembenukira kwa Verlyn, mafoloko ali m'mwamba.

"Ndipo musamuyang'ane yekhayu," ndinawatembenukira. "Uyu abale ake onse ali m'manda a m'tauni, za kuno sazidziwa. Nanga inu? A Orlin, mng'ono wanu sali pamenepa? Iwe Lorraine, unali kuti?"

A Orlin, mdala amene amatsegula misonkhano yathu ndi pemphero, anazyolika. Lorraine anayamba kulira. "Ndinafika atanyamula kale theka, Marlys. Anabwera ndi amuna a ku mpingo wake, simenti anagula yekha, onse ali thukuta kamukamu. Munthu wodzipereka choncho ndikanamuuza bwanji? Ndinaona ngati ndimukhumudwitsa."

"Umukhumudwitsa! Ndiye unati bola akhumudwe akufa, poti sayankha?"

Ndi mmene tilili anthu a kuno, ndipo zimandinyansa. Tinakula tikutola miyala m'minda. Chisanu chikatha nthaka imalavula miyala yatsopano, ndipo mwana aliyense amayenda pambuyo pa ngolo, kuwerama, kuponya, kuwerama, kuponya, mpaka dzanja limazolowera lokha. Ukaona mwala pamene padutse makina sufunsa, umatola. Onjezanipo kaulemu kathu kopusaka, koti munthu akupondeni chala inu n'kumupepesa, ndiye mwamva mmene gulu la anthu akuluakulu, a mitu yawo yabwinobwino, linazulira manda a ana ndi manja awo, kenako n'kukhala pansi kumwa khofi.

M'mawa mwake Verlyn anabwera kunyumba kwanga, chipewa chili m'manja, maso ali psuu. Anati agwetsa zipilala zonse, abweza mwala uliwonse. Ndinamufunsa kuti, "Ubweza pati?" Anati ndiye agula chiliza chokongola cha Signe, cholembedwa dzina. Ndinati, "Uchiimika pamutu pa ndani?" Ndinamuuza kuti safunsa anadya phula, koma iye phula lake wadyetsa mayi anga. M'nyumba sindinamulowetse, khofi sindinamupatse, chimene kuno n'chimodzimodzi kumuwomba mbama.

Tinayesa, sindinama. Tinafufuza zithunzi m'nyumba zonse, koma ndani ankajambula kumpanda wa kumpoto? Anthu amajambulitsa pa ziliza zazitali za agogo awo. A Orlin, pofuna kufafaniza manyazi, anabwera ndi timawaya tiwiri topinda, akuti timatembenuka tokha pamene pali manda. Tinatembenuka paliponse, mpaka pa galimoto yanga. Verlyn anaitanitsa munthu wa ku yunivesite wa makina oona pansi pa nthaka, amene anawakankha uku ndi uku tsiku lonse, n'kutiuza kuti akuona mizu, mauna a mfuko ndi zithunzithunzi zambirimbiri, koma kabokosi ka maapozi ndi timafupa ta khanda zinasanduka dothi kalekale. Ine ndinkadziwa kuti ndi chapakatikati, kufupi ndi mapulamu. Koma mapulamuwo anali tchire lalitali, ndipo moyo wanga wonse ndinkapita kwa mwala, osati kwa malo. Ndikanawerenga mapazi chifukwa chiyani mwala ulipo?

Duane, amene amakumba manda onse m'dera lino ndi kathirakitala kake, anabwera, nayang'ana kapinga uja, nalavula. "Pano ine sindikumba, Marlys. Ana amenewa anagona mothinana. Ndikalowetsa fosholo mongoganizira nditulutsa mwana wa munthu wina, kapena Signe yemweyo. Ndiwagoneke amayi ako pa mwana amene ndamuswa ndekha? Ayi, pezani wina." Wina panalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, Duane ankanena zoona.

Lorraine anati tisawauze Amayi, tidzangowaika kumapeto kwa mzere, poti wakufa sadziwa kanthu. Ndinamuyankha kuti kukhala chete kwakeko kwatikwana kale. Komabe inenso ndinatha masabata ndikuzengereza, mpaka Amayi anandigwira okha. Thupi linali litatha, koma mutu unali wakuthwa ngati kale.

"Iwe Marlys, masiku ano ukalowa muno umayang'ana pawindo, osati ine. Wagunditsa galimoto yanga?"

"Ayi, Amayi."

"Mwamuna wako wakusiya?"

"Anafa kale, Amayi, munali pamaliro pomwepo."

"Ndikudziwa, ndimafuna ndione ngati ukumva. Ndiye chavuta n'chiyani? Nena, ine nthawi yodikira ndilibe."

Ndinawauza zonse, osasiyako. Sanalire. Anayang'ana kudenga kanthawi, kenako anati, "Ndipatse nsapato."

Anamwino anayesa kukana, akuti fupa silinagwire, akuti kunja kuli mphepo. Amayi anawafunsa ngati pano pali ndende, ndipo nkhani inathera pomwepo. Tisananyamuke ndinaimbira Verlyn. Ndinamuuza kuti ngati ali mwamuna abwere adzawayang'ane m'maso, ndipo kunena zoona, tinamupeza atafika kale kumanda.

Ndinawatsitsa m'galimoto n'kuwakhazika pa chikuku. Titafika pachipata anakweza dzanja kuti ndiime. Anayang'ana chipilala cha kumanja kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako cha kumanzere. Pansi penipeni, pamene agalu amakodzera, panali mwala wofiirira wa mzere woyera, simenti itaumata m'mbali monse. Anawerama mpaka ndinaopa kuti agwa, naugwira ndi chikhatho chonse.

"Wautembenuza," anatero. "Mbali iyi inali pansi."

"Mayi Tvedt," anatero Verlyn, "ndilibe chonena. Ndiugumula lero lomwe, ndi manja angawa."

"Ndiwe mwana wa Clifford, eti? Bambo ako analinso aphuma. Anamanga khola n'kuiwala khomo." Anapuma pang'ono. "Usaugumule. Ukhale pomwepo, kuti ukamalowa ndi chimakina chakocho uziupatsa moni. Marlys, kankha."

Ndinakankha chikuku mpaka pa kapinga uja. Amayi anakhala tsonga, maso akuyenda. "Pita patsogolo. Ima. Ayi, bwerera." Ndinabwerera. Anayang'ana kumene kunali mapulamu, anayang'ana mpanda, anayang'ana kumbuyo kumene kunali tchalitchi, ngati kuti chidzuka chiwalozere. "Pano," anatero, kenako, "Ayi, si pano, pankatsetsereka pang'ono." Potsetserekapo Verlyn anali atathirapo dothi kuti makina asamapendeke. Tinayenda mpaka pakona, tinabwerera, tinapitanso. Dzanja lawo lolozera linagwera pamiyendo.

Ndiye anakuwa. Amayi anga, amene pa maliro a mwamuna wawo anangopukuta magalasi, anakuwa mpaka mbalame zinabalalika pa waya.

"Zaka zonsezi ndabwera osaphonya, mvula kaya dzuwa, ndipo lero sindikudziwa pamene pali mwana wanga! Anandilanda mwanayo tsiku lomwe anabadwa, abusa anamukana, ndinangotsala ndi mwala. Mwala, anthu inu! Unakulakwirani chiyani?" Ankamenya chogwirira cha chikuku ndi kankhonya kawo kowonda. Verlyn anali ataima chapatali, akulira ngati mwana, ndipo ine sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Chimanga mbali iyi, chimanga mbali iyo. Ndinkaganiza kuti agona, koma mwadzidzidzi anati, "Mudzandiwotche."

"Mwati chiyani, Amayi?"

"Wamva. Ndikafa mudzandiwotche."

Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu. "Inuyo? Inu amene munakana kupita ku maliro a azakhali a Verna chifukwa anawawotcha? Si inu munkati munthu si chinyalala?"

"Ndinatero, ndipo ndikuterobe. Ukuganiza ndikufuna? Moto ndimauopa, Marlys, ndauopa moyo wanga wonse. Ndinkafuna bokosi ngati anzanga onse, ndi diresi langa labuluu, ndigone bwinobwino mpaka lipenga lilire. Koma bokosi limagona malo amodzi, ndipo malowo sitikuwadziwa. Phulusa limafika ponseponse. Udzayambire pakona, udzathire mpaka pakona inayo, osasiya mpata. Penapake ndidzamugwera."

"Amayi, tipezako nzeru ina. Mwina tikafunsa..."

"Ufunsa ndani? Amene ankadziwa ali pansi. Madzi akatayika sawoleka, mwana wanga. Yendetsa galimoto, ndikumva kuzizira."

Sindinayendetse msanga. Ndinamenya chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka hutala inalira, ndikutukwana mawu amene Amayi anali asanandimvepo ndikunena, ndipo sanandiletse. Ndinadana naye Verlyn tsiku limenelo, ndinadana ndi Lorraine, ndi a Orlin, ndi makina aja, ndi udzu womwe. Nkhalamba yoti yangotsala pang'ono kupita, chinthu chimodzi chokha chimene inapempha padziko, ndipo tsopano ikudzipereka kumoto chifukwa munthu wina ankafuna kumaliza kutchetcha msanga.

Msonkhano wa bungwe unachitikira mu holo ya ozimitsa moto monga mwa nthawi zonse, makeke ali patebulo ngati palibe chachitika. Verlyn ndiye anayamba kuimirira. Anati walakwa kwambiri, ndipo akutula pansi udindo.

"Khala pansi," ndinatero. "Utula kuti upite kuti? Ukawedze nsomba kunyanja uiwale? Suthawa, bambo. Ukhala tcheyamani mpaka udzafe, ndipo sabata iliyonse uzidutsa pa chipata chako chija."

"Marlys, mtima pansi," anatero a Orlin. "Munthuyu wapepesa. Tonse timalakwa."

"Inu a Orlin musandiyambe. Munali pomwepo akunyamula mwala wa mng'ono wanu, ndipo munawagwirira wilibala."

"Sindinali wotsimikiza kuti unali umenewo."

"Mukanatsegula pakamwa ponena zimenezo! Popemphera pokha ndiye mumatha mawu."

Wina kumbuyo anatsokomola, wina anakankhira mbale ya makeke kwa ine, ngati kuti keke ingatseke pakamwa panga. Ndinawauza zimene Amayi asankha. Ndinati sindikupempha chilolezo, ndikungowadziwitsa, ndipo amene ali ndi chotsutsa anene pompano, osati m'galimoto. Azimayi ena anagwira pakamwa. Lorraine analemba, misozi ikudonthera papepala. Wotsutsa panalibe, monga mwa chikhalidwe chathu.

Amayi anamwalira mu Okutobala, anthu ali pakalikiliki kukolola chimanga. Masiku omaliza ankandifunsa kawirikawiri ngati zimapweteka, ine n'kumati ayi, Amayi, simudzamva kanthu. Ankandiyang'ana mondikayikira, n'kunena kuti, "Iwe unayamba wawotchedwapo?" Diresi labuluu ndinawaveka ndekha, ngakhale anthu a kumalo owotcherako anati palibe chifukwa. Ndinawayankha kuti chifukwa chilipo, ndipo sichikuwakhudza.

Ku tchalitchi cha m'tauni anaika kabokosi ka phulusa lawo patebulo, pambali pa chithunzi. Anthu anaimba, anadya, anandigwira dzanja. Ku Rustad ndinakana kuti andiperekeze. Komabe nditafika ndinapeza chigalimoto cha Verlyn chili m'mbali mwa msewu, iye ataima kunja kwa mpanda, atavala suti.

"Marlys, pali chimene ndingathandize?"

"Ima pomwepo. Usalowe."

Ndinapita pakona ya kumpoto n'kutsegula kabokosi. Mayo ine, sindinkadziwa kuti munthu amachepa chotere. Amayi onse, ndi pakamwa pawo ponse paja, anali ngati paketi ya shuga yaikulupo pang'ono. Ndinayang'ana kutalika kwa mpanda, ndinayang'ananso m'kabokosi.

Ndinayamba kutapa ndi dzanja, pang'onopang'ono, ndikuwerama kwambiri kuti mphepo isandilande. Koma mphepo ya kuno simva za munthu. Lina linkaulukira kunja kwa waya, kumunda wa eni ake, ine n'kumaitukwana mokweza. Ndinayenda chammbali, kutapa, kuwaza, kusuntha phazi, osasiya mpata monga anandiuzira. Nditafika chapakati, pamene ndinkaganiza kuti ndi pomwepo, dzanja linalephera kuumira. Ndinathira lambiri. Nditasuntha pang'ono ndinati kapena ndi apa, n'kuthiranso lambiri.

Phulusa linatha ndisanafike pakona inayo. Ndinagwedeza kabokosi, ndinakagogoda, ndinatembenuza kathumba ka mkati n'kukakung'untha. Kutsogolo kwanga kunali kutatsala kadera ndithu, kobiriwira, kosakhudzidwa, ndipo Signe akanatha kukhala pamenepo monga akanakhalira pena paliponse.

Ndinayang'ana manja anga, anali mbuu mpaka m'zikhadabo. Ndinagwada ndi diresi langa la maliro, n'kuyamba kuwapukutira pa udzu, kukwawa pang'ono, kupukuta, kukwawa, kupukuta, ndikunena kuti, "Fikani, Amayi, fikani, musatope." Nditagunda mtengo wa mpanda wa pakona m'manja munalibenso kanthu, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati anamupeza mwana wawo.